Kugulitsa Dzina pa Intaneti: Kodi Uphungu Umenewu Ungatidyetse Kuno ku Malambo?

Pali ciphunzitso cimene cafala kwambiri pakati pa acinyamata masiku ano, ndipo sicinabwere ndi aphunzitsi a pa sukulu kapena makolo ai. Cinalowera pa foni. Munthu akatsegula Facebook, TikTok kapena YouTube sapita patali asanakumane ndi mnyamata wobvala suti, woima pambali pa galimoto yonyezimira, amene akumuuza kuti umphawi ndi kufuna kwa mwini wake. Uthenga wa onsewa ndi umodzi: iwe mwini ndiwe katundu, dzina lako ndilo sitolo, ndipo ukadziwika ndalama zidzakulondola zokha. M'Cingerezi akuti personal brand. Acinyamata a ku Mfuwe, ku Masumba, kwa Jumbe ndi kwa Msoro aumva uthenga umenewu, ndipo ndalama ya nkhuku kapena ya ganyu ikuthera ku mabandulo kaamba ka iwo. Tsono nkoyenera kuti tiuike pa sikelo, tione ngati ndi cimanga kapena ndi mankhusu.

UPHUNGU WAKE NDI WOTANI?

Ngakhale aphunzitsi ake ndi ambiri, malamulo ao sasiyana. Akuti sankha nkhani imodzi imene uikonda, kaya ndi kuphika, mpira, nyimbo kapena nthabwala, ndipo ukakamire pomwepo. Uziika kanema tsiku lililonse osaphonya. Uzionetsa nkhope yako, nyumba yako ndi zocitika za moyo wako, pakuti anthu amatsata munthu, satsata sitolo. Otsatira akaculuka, akuti ndalama zidzalowera pa makomo 4. Kampani ya intaneti idzakugawirako ndalama za otsatsa malonda. A mabizinesi adzakulipira kuti uzichula katundu wao. Udzalandira komishoni pa zinthu zimene anthu agula kupyolera mwa iwe. Potsiriza udzagulitsa zako, makamaka maphunziro a mmene ena angacitire zimene wacita iwe.

Maganizo amenewa sanayambe dzulo. Mu 1997 mlangizi wa zamalonda wa ku America, Tom Peters, analemba nkhani ya mutu wakuti The Brand Called You m'magazini ya Fast Company. Iye anali kulangiza anthu a m'maofesi kuti asadalire abwana, koma aliyense adzione ngati kampani payekha. Mu 2008 Kevin Kelly analemba nkhani ina, 1,000 True Fans, yophunzitsa kuti woimba kapena wolemba safunika khamu la mamiliyoni. Akapeza anthu 1,000 omukonda ndi mtima wonse, aliyense nkumagula zinthu za madola 100 pa caka, wapeza madola 100,000. Mu 2009 Gary Vaynerchuk anatulutsa buku la Crush It!, limene linauza anthu kuti ciliconse cimene acikonda angathe kucisandutsa ndalama ngati alimbikira pa intaneti usana ndi usiku. Makanema ambiri amene tikuona lero ndi zidzukulu za zolemba zitatuzi, ngakhale eni ake mwina sanaziwerengepo.

ZABWINO ZAKE TISAZITAYE

Tisayambe ndi kunyoza, pakuti muli coonadi m'menemo. Dzina limagulitsadi, ndipo ife a m'cigwa ca Luangwa tikudziwa zimenezi kuposa ena. Mu 1950 Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Yaikulu Nsefu kuti apatule malo osungiramo nyama ndi kumangapo msasa wa alendo, ndipo pambuyo pake anachukitsa maulendo oyenda pansi poona nyama. Dzina lake linasanduka dzina la kampani, monganso la Robin Pope. Mpaka lero mlendo amene anayenda bwino ndi gaidi wina amafunsa gaidi yemweyo akabweranso, ndipo amauza anzake kwao. Pa msika wa ku Cropping aliyense amadziwa telala amene sacedwetsa nsalu ndi makaniko amene sanama. Zimenezi ndizo akuti brand, kungoti ife timati mbiri.

Uphunguwu ukunenanso zoona pamene ukuti foni yatsegula khomo limene kale linali lotseka. Wosema ziboliboli wa kwa Kakumbi angathe kuonetsa nchito yake kwa munthu wa ku Lusaka kapena ku London osalipira nyuzipepala kapena wailesi, ndipo wogula wa muno m'dziko angathe kulipira pa Airtel Money kapena MTN MoMo tsiku lomwelo. Kulimbikira, kuyankha makasitomala mwaulemu ndi kusunga nthawi ndi malangizo abwino kulikonse. Bvuto lili pa zimene aphunzitsiwa sanena.

KUSERI KWA DZINA KULI SITOLO

Tiyambe ndi Vaynerchuk. Iye anachuka ndi makanema a Wine Library TV amene anayamba mu 2006, olankhula za vinyo. Koma sanayambe ali manja lende. Atate ake anali ndi sitolo ya zakumwa ku New Jersey, imene mwini wake amanena kuti inali kugulitsa katundu wa madola 3 miliyoni pa caka asanaikuze kufika pa madola 60 miliyoni. Anali ndi katundu, nyumba yosungiramo, anchito ndi njira yotumizira. Kanema anali ngati belu loitanira anthu ku sitolo imene inalipo kale. Bukulo likukweza belu, koma mnyamata wa kwa Mnkhanya amene alibe cogulitsa akaimba belu, anthu adzabwera, adzaseka, nkubwerera kwao.

Citsanzo ca zimenezi cili pakhomo pathu pomwe. Cakumapeto kwa caka, zipatso za mtondo zikapsa, njobvu zimadutsa polandirira alendo pa Mfuwe Lodge kupita ku mtengo umene uli m'kati. Makanema a njobvu zimenezi azungulira dziko lonse lapansi. Nanga phindu leni leni la loji lili kuti? Lili pa mlendo amene waona kanema, nakwera ndege kudzatera pa bwalo la Mfuwe, nalipira cipinda, cakudya ndi ulendo wa mu paki. Cotsani zipinda ndi magalimoto, mudzatsala ndi njobvu zochuka zimene sizilipira munthu.

MASAMU AMENE SAKUUZANI

Tsopano tione khomo loyamba, la ndalama za otsatsa malonda. Kuti YouTube iyambe kugawana nawe ndalama zimenezi, imafuna kuti ukhale ndi otsatira 1,000 ndiponso kuti anthu aonere makanema ako kwa maola 4,000 m'miyezi 12. Tiwerenge pamodzi. Ngati kanema wako ndi wa mphindi 5, afunika kuonedwa kuyambira poyamba mpaka pothera maulendo 48,000 kuti maola amenewo akwane, ndipo tonse tikudziwa kuti ambiri amadumpha kanema asanafike pakati. Ukafika pamenepo kampani imakupatsa magawo 55 mwa 100 a ndalama za malonda, ndipo sizituluka mpaka zitakwana madola 100.

Si zokhazo. Mtengo wa malonda umadalira kumene oonera ali. Wotsatsa amalipira zambiri kuti aonedwe ndi munthu wa ku America kapena ku Germany, amene angagule galimoto mawa, kusiyana ndi munthu wa kwa Malama. Motero kanema wa Cinyanja kapena Cikunda, ngakhale akome bwanji, amabweretsa kangacepe poyerekeza ndi wa Cingerezi amene waonedwa mofanana. Ndiponso makampani amenewa ndiwo amasankha okha maiko amene alipire. Pamene TikTok inakhazikitsa Creator Rewards Program mu 2024, inali ya maiko ocepa monga America, Britain, France, Germany, Japan, South Korea ndi Brazil. Munalibe dziko la mu Africa. Mphunzitsi amene akuonetsani ndalama zake za TikTok ali ku Atlanta sakunama, koma akukamba za munda wa eni, wa mvula yao.

Anzathu a ku Malawi anaziona zimenezi. Nyimbo ya Linny Hoo ya agogo Giddes Chalamanda, imene anaimbanso pamodzi ndi Patience Namadingo, inafala pa TikTok kotero kuti kuciyambi kwa 2022 manyuzipepala analemba kuti yaonedwa maulendo oposa 80 miliyoni. Pa nthawiyo agogowo anali ndi zaka 92, akukhala kwao ku Chiradzulu, opanda ngakhale foni yoonera zimenezo. Ulemu anaulandira, ndipo unawayenera patapita zaka zambiri za kuimba. Koma nkhani yao itiphunzitse kuti ciwerengero ca oonera ndi cinthu cina, ndalama ya m'thumba ndi cinthu cinanso, ndipo palibe mlatho umene umadzimanga wokha pakati pa ziwirizi.

Nanga anthu 1,000 a Kelly aja? Maganizo ake ndi anzeru kuposa a enawo, pakuti akuti funa anthu ocepa okhulupirika m'malo mothamangira khamu. Koma tiwaike m'Kwacha. Mu 2024 madola 100 anali oposa K2,500, pamene FRA inali kugula thumba la cimanga la makilogalamu 50 pa K330. Ndiye kuti wokukonda mmodzi afunika kugulitsa matumba oposa 7 caka ciliconse kuti akupatse gawo lake. Kodi m'boma lonse la Mambwe muli mabanja angati amene angacite zimenezo cifukwa ca nthabwala zako? Nzeru ya Kelly ingagwire nchito kuno pokhapokha titaicepetsa: makasitomala 30 amene amabweranso kwa telala mwezi ndi mwezi aposa otsatira 30,000 amene sagula kanthu.

ZOTULUKA SAZIWERENGA

Wabizinesi aliyense, ngakhale mai wogulitsa vitumbuwa, amawerenga zolowa ndi zotuluka. Aphunzitsi a pa intaneti amawerenga zolowa zokha. Lamulo lakuti uziika kanema tsiku lililonse linalembedwa ndi anthu amene magetsi ndi intaneti sizicoka m'nyumba zao. Ife tikukumbukira caka ca 2024, pamene cilala cinaphwetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima pafupifupi tsiku lonse m'madera ambiri a dziko lino. Tikudziwa midzi imene munthu amakwera pa culu kuti apeze netiweki, ndi imene amalipira kuti achajitse foni pa sola ya mnzake. Bandulo, kuchaja, kukonzetsa foni: zonsezi ndi ndalama zotuluka tsiku ndi tsiku, pamene zolowa zili m'malonjezo.

Koma cotuluka cacikulu ndi nthawi. Maola amene mtsikana wa Giredi 12 akuthera pojambula ndi kukonza kanema acoka pa mabuku ake. Maola a mnyamata m'mwezi wa Disembala acoka m'munda wa thonje kapena mpunga, ndipo mvula siyembekeza munthu. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndiponso munda wa pa intaneti ndi wobwereka. Kampani ingathe kusintha malamulo usiku umodzi, kapena kutseka tsamba lako, kapena mbava kukubera nambala yacinsinsi, ndipo otsatira onse amene unasonkhanitsa zaka zitatu apita osatsazika. Ife amene tinaona mu 2020 mmene Covid-19 inaimitsira alendo, maloji nkutsekedwa, anchito nkubwerera kumudzi, tiyenera kudziwa kuopsa kodalira khomo limodzi limene kiyi wake ali ndi ena.

UKASOWA COGULITSA, UMAGULITSA CIANI?

Apa ndi pamene nkhaniyi ikhudza cikumbumtima cathu monga Akristu. Makompyuta a makampaniwa amakankhira patsogolo kanema amene wagwira maso a anthu, osafunsa ngati ndi wabwino kapena woipa. Tsono munthu amene wauzidwa kuti iye mwini ndiye katundu, akaona kuti ciwerengero sicikwera, amayamba kuonjezera ndiwo. Wina amabvula ulemu wake. Wina amatukwana akulu kapena kufalitsa mphekesera za mnzake. Wina amajambula agogo okhala m'nyumba yothonya kapena mwana wamasiye wobvala sanza, kuti azungu amve cisoni, osapempha cilolezo ndipo osawauza kumene cithunzico cikupita. Umphawi wa mnansi wako si katundu wako. Mwanayo adzakula, ndipo cithunzi cidzakhala cikalipo.

Kuno kwathu palinso ciyeso cina cimene a ku Lusaka alibe: nyama. Njobvu imene yalowa m'munda kapena mvuu imene yatuluka m'dambo imakopa oonera ambiri, ndipo foni imanyenga munthu kuti asendere pafupi pang'ono. Palibe wa m'dera la Lupande amene afunika kuuzidwa zimene njobvu imacita ikakwiya. Maliro ake tawalira kokwanira. Palibe ciwerengero ca malaiki cimene cingatonthoze amai ako.

Tikumbukirenso kuti lamulo lilipo. Mu 2021 dziko lino linakhazikitsa Cyber Security and Cyber Crimes Act, ndipo mu 2025 malamulo awiri atsopano analowa m'malo mwake. Zimene munthu walemba kapena kutumiza pa foni zingathe kumufikitsa ku khoti monga zimene wacita pa msika. Aphunzitsi a suti aja sadzabwera kudzakuimira.

WOGULITSA MAKASU AMENE SALIMA

Khomo lacinai lija liyenera kuyang'anitsitsidwa. Ambiri mwa aphunzitsi amenewa sapeza ndalama pa kuphika, kusoka kapena kuimba ai. Amazipeza pogulitsa maphunziro a mmene ungapezere ndalama. Iwe ukalipira K200 kuti ulowe m'gulu lao la WhatsApp, ndiwe phindu limene akukamba. Ena amapitirira nkukuuza kuti ubweretse anzako atatu kuti ulandire komishoni, anzakowo abweretsenso ao. Pamenepo sipalinso malonda, pali cinyengo cakale cobvala malaya atsopano. MMM ya Sergei Mavrodi inalonjeza phindu la magawo 30 mwa 100 pa mwezi, ndipo mu 2016 anthu ambiri a ku South Africa, Zimbabwe ndi Nigeria anataya ndalama zao itaima. Cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere. Funso lofunsa mphunzitsi aliyense ndi ili: kupatula kutiphunzitsa ife, kodi inu mumagulitsa ciani, ndipo amagula ndani?

APHUNZITSI ENI ENI TILI NAO PAFUPI

Wofuna kuphunzira mmene dzina limagulitsira katundu asapite kutali. Tribal Textiles inayamba mu 1991, ndipo nsalu zake zojambulidwa pamanja ku Mfuwe, zimene amayamba kulemba ndi phala la ufa asanapake utoto, zimagulidwa kunja kwa dziko. Ku Mulberry Mongoose amai a konkuno amasandutsa mawaya a misampha, amene alonda a nyama acotsa m'thengo, kukhala zibangili ndi ndolo. Wogula amagula cinthu cokongola pamodzi ndi nkhani yake, ndipo nkhaniyo ndi yoona. COMACO, imene inayamba mu 2003, imagula mpunga, nshawa ndi uci kwa alimi amene asiya kupha nyama, nkuzigulitsa m'masitolo a m'matauni pansi pa dzina la It's Wild! Onsewa ali pa intaneti, ndipo amajambula zithunzi zokongola. Koma onani dongosolo lake: poyamba cinthu cabwino, kenaka nkhani yoona, potsiriza foni. Aphunzitsi athu a pa TikTok atembenuza dongosolo limeneli, mutu pansi miyendo m'mwamba.

Magaidi athu nawonso ndi phunziro. Asanaloledwe kuyendetsa alendo mu South Luangwa National Park amalemba mayeso, ndipo amene afuna kuyenda ndi alendo pansi amalembanso ena obvuta koposa. Gaidi wotere akaika cithunzi ca nyalugwe pa Facebook, dzina lake lili ndi pokhazikika. Foni ikungolengeza zimene zaka za kuphunzira mitengo, mbalame ndi mapazi a nyama zinamanga.

TSONO TINENE CIANI?

Ciweruzo cathu ndi ici. Uphungu wa kugulitsa dzina ndi wabwino kwa munthu amene ali kale ndi luso kapena katundu, ndipo ndi woopsa kwa amene alibe. Peters analembera anthu a madigiri ndi nchito, Vaynerchuk anali ndi sitolo ya atate ake, Kelly anaganizira ogula a madola. Palibe mwa iwo amene anali kuganiza za mnyamata wa ku Malambo amene ali ndi foni yosweka galasi ndi bandulo ya tsiku limodzi. Tingatenge nzeru zao monga timatengera mbeu yacilendo: tiyese pa mzere umodzi, tisagalauze munda wonse.

Kwa inu abale ndi alongo m'magulu athu, nazi zocita. Yambani ndi manja: kusoka, ukalipentala, kuweta njuci, kukonza mafoni, kuphika, kulima ndiwo zamasamba zimene maloji amafuna m'nyengo ya alendo. CDF, imene inakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022, ili ndi gawo lolipirira acinyamata maphunziro a luso ndi lothandiza magulu; funsani ku khonsolo kapena kwa a komiti ya wadi yanu. Mukakhala ndi cogulitsa, jambulani cinthuco bwino, lembani mtengo woona, ndipo musalonjeze tsiku limene simungakwanitse. Sungani nambala za makasitomala m'kabuku, osati pa Facebook pokha. Bizinesi ikakula, lembetsani dzina lake ku PACRA. Lembani ngwee iliyonse ya bandulo kwa miyezi 3, kenaka muyerekeze ndi zimene zalowa. Kabukuko kadzakuuzani zoona zimene mnyamata wa suti sangakuuzeni. Ndipo pakuti mutu umodzi susenza denga, gulu la anthu 10 lingathe kukhala ndi tsamba limodzi loonetsa nchito za onse, m'malo mwa masamba 10 olimbirana oonera omwewo.

Pa msonkhano wanu wotsatira, yesani kukambirana mafunso awa. Kodi m'mudzi mwanu ndani amene ali ndi mbiri yabwino pa nchito yake, ndipo anaimanga bwanji? Kodi ndi zithunzi ziti zimene gulu lanu silidzaika pa intaneti, ngakhale zitakopa anthu 1 miliyoni? Kodi ngati Facebook itatsekedwa mawa, aliyense wa inu adzatsala ndi ciani cogulitsa? Amene ali ndi yankho pa funso lotsirizali atenge foni yake ayambe, ndipo ife tidzakhala oyamba kugula. Amene alibe, ayambe wapita kwa mmisiri kukapempha malo pa benci.